Mchira wa Gologolo ndi Mbiya ya Nachanza

Padangotero, kale lija nyama zikadali ndi midzi yawo, zikadalima minda ndi kufulula mowa monga tichitira ife, padali Gologolo. Inu muzivomera chamumtima kuti tili tonse, ine ndizipita nayo.

Gologolo ameneyu kulemera kwa khasu sankakudziwa. Chimene ankalimira chinali pakamwa. Akakupeza ukukazinga nsawa ankakuuza kuti nkhokwe yako ikufuka utsi, iwe pobwerako wefuwefu n'kupeza phale lokhalokha. Komabe mlesi yemweyo anali ndi udindo kubwalo la Mfumu Njati, pakuti ndiye anali wolawa mowa. Masiku amenewo mfumu sinkamwa chipanda chimene wina sanayambe wamwako, kuopa kudyetsedwa zoipa. Ndiye Gologolo ankayamba kumwa, n'kulengeza ngati mowa wapsa kapena ayi. Pa ntchito imeneyi yokha sanachedwepo ngakhale tsiku limodzi.

Mkazi wake anali Nachanza. Mayi ameneyo kufulula kwake! Ine ndikamva anthu akutama mowa wa masiku ano, wofulula m'mawa madzulo n'kumwa, ndimangowamvera chisoni, sanalawe kanthu. Nachanza ankaviika mawere, n'kuwafunditsa masamba a nthochi mpaka amere, n'kuyanika chimeracho, n'kuchipera pamphero. Phala ankaphika lero, mawa ligone, mkuja aliwiritsenso, kenako athire chimera chomaliza n'kutsanulira mu mbiya. Mbiyayo inali ya amayi ake, amayi akewo anailandira kwa amayi awo, ndipo chiumbireni inali isanakwechedwepo ndi mchenga. Mowa ukatha ankangotsuka m'milomo, pansi n'kusiyapo masese okwana chikho chimodzi, n'kuvundikira. Pakapita masiku ankathiramo kaphala pang'ono. Gologolo akamufunsa chifukwa chake, yankho linali limodzi lomwelo: "Amayi ankatero."

Pokuntha mowa, ndiye kuti pousefa ndi khuntho, kathumba kaja koluka ndi mlaza, Nachanza ankaimba kanyimbo kake. Kanali kofunsa masese kuti atsaliranji pamene anzawo onse apita kukasangalatsa anthu, masesewo n'kuyankha kuti pakhomo sipachoka anthu onse. Kankayambira pamwamba ngati kulira, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka kuthera m'kuseka.

Chaka china atangokolola, Nachanza anadwala masiku anayi, lachisanu n'kutsikira kuli chete. Gologolo anasowa bodza loti anamize nalo imfa. Katundu wina akuchikazi anagawana, koma mbiya Gologolo anaikaniza. M'mawa uliwonse ankaivundukula, n'kulowetsamo mutu mpaka m'mapewa, n'kununkhiza. Mmenemo munali Nachanza yense, utsi wa m'nsalu yake, thukuta lake la pamphero, kuseka kwake komwe. Ndipo mlesi uja amene chibadwire sanasonkhepo moto anaphunzira kuphika kaphala kothira mu mbiya, akuimba kanyimbo kaja ndi mawu ake osasa. Ankamusowa mkazi wake koopsa, ndipo sankabisa.

Tsono mfumu inali ndi nduna yake, Nyani, amene anali atangobwera kumene ku ulendo wakutali. Munthu akayenda pang'ono, mukudziwa inu, amabwera ndi mphuno yatsopano, za kwawo zonse zimayamba kumununkha. Mfumu Njati sinali yankhanza ayi. Inali nkhalamba yokonda kuseka ndi kugawa, koma panali chinthu chimodzi chimene chinkaipweteka mtima. Chikho chikayamba kukhula pansi pa mbiya n'kutuluka ndi masese, nkhope yake inkagwa ngati yamva uthenga wa maliro. Nyani anaona pamenepo.

"Wawa mfumu, kodi mukudziwa kuti mukuberedwa?"

"Ndi ndani?"

"Ndi masese. Mukafululitsa mbiya zinayi, imodzi yathunthu imathera pansi. Kumene ndinali ine mowa amamwa mpaka dontho lomaliza, mbiya n'kutsala mbee! Kuno amayiwa amachita kuweta litsiro m'mbiya, chaka ndi chaka osatsuka."

"Mbiya yathunthu?" Mfumu inagwira pamtima. "Nanga titani, a Nyani?"

Anagwirizana motere. Kutsogoloku kunali dima, tsiku lija mudzi wonse umakalima munda wa munthu mmodzi n'kumwa mowa wake, ndipo munda wa chaka chimenecho unali wa mfumu. Dima lisanafike, akatswiri atatu a mowa, mayi Nungu, mayi Kakowa ndi mayi Nguluwe, afulule mmodzimmodzi, aliyense mwa njira yake. Amene ataye masese ochepa, njira yakeyo idzakhale ya mudzi wonse. Ndipo mbiya iliyonse m'mudzimo ikwechedwe ndi mchenga ndi chitsononkho mpaka iyere, masese akale asatsalemo ndi pang'ono pomwe. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, koma mwambi umenewo Nyani anali atauiwala ku ulendo.

Amayi anang'ung'udza, koma anakwecha. Pofika tsiku lachitatu inatsala mbiya imodzi yokha, ndipo Nyani anailondola, mchenga uli m'lichero, chitsononkho chili m'manja.

"Odi kuno! Tulutsani mbiya, a Gologolo."

"Lowani, a nduna, muitenge nokha. Ine sindingaigwire."

"Chifukwa?"

"Sitinamete. Ndi katundu wa malemu ameneyu. Koma inu poti munayenda, mwina za mizimu munazisiya komweko. Malume anga aja anagwira mphika wa malemu anthu asanamete, aja anatupa manja mpaka kumadya ndi zigongono, iwo aja anali munthu wosayenda. Lowani."

Nyani anayang'ana manja ake, kutsogolo ndi kumbuyo. Anatsokomola.

"Ndibwera mukameta. Mowa wa mayi Nungu ukangomwedwa, ine ndili pano."

Atachoka, Gologolo anakumbatira mbiya n'kuimba kanyimbo kaja. Anadziwa kuti wangopeza masiku owerengeka, Nyani abweranso.

Nungu anali mayi wosalankhulalankhula, wosataya kanthu ngakhale njere ya mawere. Anaphika phala lake bwinobwino, nathira chimera, natsanulira mu mbiya yake yokwecha ija. Tsiku linapita mowa uli zii. Lachiwiri, zii. Mowa wamoyo umawira wokha popanda moto, umachita thovu n'kumanong'ona, koma uwu unangogona ngati phala la wodwala.

M'mawa wa tsiku lachitatu Gologolo anapita kukauona monga mwa udindo wake. Anali atangochoka kumene pa mbiya ya mkazi wake, ndipo potembenuka pamlomo pake mchira unali utaviikika m'masese iye osadziwa. Anapeza Nungu ali kuseri akuwaza nkhuni. Anakwera pamlomo pa mbiya, nanunkhiza, napukusa mutu, ndipo potembenuka kuti atsike, mchira uja chubwi! m'phala. Anauzula msangamsanga, nayang'ana uku ndi uku, n'kuliyatsa liwiro. Kuviika mchira mu mowa wa mfumu unali mlandu woti munthu n'kusamuka nawo m'mudzi.

Kutacha, mbiya ya Nungu inali ikuwira mpaka thovu kusefukira pansi.

Nungu anakuntha mwa njira yake. Khuntho lake linali lothina maso, ndipo ankalipota ngati chingwe, kufinya, kufinyanso, mpaka masese anatsala ouma gwa, odzaza manja awiri okha. Nyani anaomba m'manja. Mowa unapita kubwalo, ndipo chipanda choyamba chinaperekedwa kwa wolawa.

Gologolo anamwa kamodzi n'kuima. Mowawo unali wowawa, pakuti kufinya kwambiri kumatulutsa ndi kuwawa kwa makoko komwe. Koma kuseri kwa kuwawako kunali kanthu kena kakang'ono, kamene lilime lake linakazindikira mutu usanaganize. Anali Nachanza.

"Nanga bwanji, a Gologolo?" inafunsa mfumu. "Wapsa?"

Gologolo, amene anthu ankati anabadwa akulankhula, anangoti kukamwa yasa. Misozi inagwera m'chipanda.

"Ndi wowawa chomwecho?" inatero mfumu, n'kulanda chipandacho. Inamwa, n'kukwinya nkhope. "Kuchuluka wachuluka, koma ukukanda kummero ngati ndameza chitedze. Tione wa mayi Kakowa."

Atafika kunyumba Gologolo anagwira mchira wake n'kuuyang'ana nthawi yaitali. Tsopano anamvetsa chimene Nachanza ankasungira masese, chimene mwini wakeyo sankatha kufotokoza. Masese aja anali mbewu ya mowa, ndiwo ankadzutsa phala latsopano. Koma akanauza ndani? Wabodza akanena zoona anthu amangoti wawonjezera bodza lina. Ndiponso kuulula kunali kudzipereka yekha pa mlandu wa mchira. Anangoti kukamwa tseke, n'kupita kuthengo kukafuna chinthu china chimene anachiona masiku apitawo.

M'mawa mwake Nyani anafika ndi lichero lake.

"Ndafunsa kwa akuchikazi anu. Munameta kalekale, mpaka ubweya unameranso."

"Zoonadi, a nduna, chisoni chimaiwalitsa. Lowani. Koma mulowe mwaulemu, alamu anga ali mtulo."

"Alamu anu ati?"

"A Mphiri. Chimwalirireni mlongo wawo, amagona mu mbiyamo."

"Gologolo mlongo wake n'kukhala njoka?"

"Abambo awo anali oyendayenda ngati inu nomwe. Si awo avula malaya pamlomopo?"

Pamlomo pa mbiya panali lende! khungu limene njoka inafundula, lomwe Gologolo anakatola kuthengo. Za Nyani ndi njoka sindingachite kukuuzani. Lichero linagwera uko, chitsononkho uko, nduna ya mfumu ili pamwamba pa denga la eni ake.

"Muwauze asamuke!" anakuwa ali pamwambapo. "Wa mayi Kakowa ukatha ndikubweranso!"

Gologolo anaseka mpaka kugwira nthiti. Koma kuseka kutatha analowa m'nyumba, navundukula mbiya, n'kuimba kanyimbo kaja. Pofika pamene masese amayankha, mawu anamuthera.

Kakowa anali dona wa m'mudzimo, wovala zoyera ngakhale popita kumunda. Mowa wakenso, mu mbiya yokwecha, unagona zii masiku awiri. Ulendo uno Gologolo anaviika mchira mwadala m'masese a mkazi wake, nauimika pamsana kuti usakhudze pansi, n'kunyamuka akunyang'wa.

"Mwayamba liti kunyamula mchira chotero, bambo?" anafunsa Kakowa.

"Ndi mayendedwe akutali, mayi, abwera nawo a Nyani. Koma pepani, kodi si kadontho ka matope ako kali pa phiko lanu?"

"Pati?"

"Kumbuyoko. Ayi, pansi pang'ono. Chakumanzere."

Kakowa anapinda khosi lake lalitali kufunafuna kadontho kamene kunalibe, ndipo pamene ankaweramuka ntchito inali itatha. Kutacha mowa unali ukuwira.

Kakowa za khuntho sankazifuna, ankati zimadetsa manja. Mowa utapsa anausiya kuti udikhe, zolemera zonse zitsikire pansi, kenako n'kumayengula wapamwamba wokha ndi chikho, pang'onopang'ono, osagwedeza mbiya. Unatuluka woyera woti n'kuona pansi pa chipanda. Koma theka la mbiya linatsala phala lokhalokha.

Gologolo analawa, ndipo anampezanso Nachanza. Ulendo uno anadzigwira.

"Wapsa, wawa."

Mfumu inamwa chipanda chonse osapumira, n'kuyang'ana m'kati mwake modabwa.

"Kukoma wakoma. Koma kodi ndamwa kapena ndalota? M'mimba simunafike kanthu. Anthu angalime tsiku lonse ndi madzi amenewa? Nanga theka linalo, a Nyani, mwati limwedwa ndi ndani?"

Nyani anangodzikanda m'khwapa. Kumbuyo kumene kunakhala amayi, wina ananena chapansipansi kuti, "Koma mowa uwu ukundikumbutsa munthu."

Ulendo wachitatu Nyani anabwera ndi chibonga ndi muuni wa moto wothamangitsira alamu aja. Anapeza Gologolo ali panja, chimphika chili patsogolo pake, akulira mokweza kuti mudzi wonse umve.

"Ndagonja, a nduna. Alamu asamuka. Nayi, kwechani, koma ine ndisaone."

Nyani anakwecha kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, zikhatho kuchita matuza, n'kupita kukadzitama kubwalo kuti litsiro lomaliza latha m'mudzi. Chimene anakwecha unali mtsuko wakale wa madzi, umene Gologolo anaupaka matope osakaniza ndi gaga wovunda. Mbiya yeniyeni inali pansi pa nkhokwe, itafunditsidwa mapesi.

Tsopano inali nthawi ya Nguluwe, mayi wamphamvu wosapita m'mbali polankhula. Mowa wakenso unagona zii. Koma Nyani anali atayamba kukayika. Bwanji mowa ukudzuka pokhapokha Gologolo akaupitira? Choncho anakamudikirira pakhomo pa Nguluwe.

"Imani pomwepo. Tambasulani manja."

Gologolo anatambasula.

"Yasamulani."

Anayasamula. Nyani anafufuza m'khwapa, m'makutu, ngakhale m'masaya mmene agologolo amabisa nsawa. Mchira uli njo pamsana, wonyowa, palibe anauyang'ana.

"Kwerani mukanunkhize. Koma maso anga ali pa inu."

Gologolo anakwera pamlomo pa mbiya, nakhala atafulatira mowa, nkhope ili kwa Nyani. Kenako anayamba kuomba m'manja.

"Musanandiyang'ane inu, a nduna, ndiloleni ndikuyang'aneni ine. Ha! Nkhope yoyenda imeneyo! Manja amene anakwecha mbiya yosakwecheka! Mudzi uno ukanakhala kuti popanda inu? Mfumu ikanamwa chiyani?"

Nyani anatsinzina ndi kukoma kwa matamandowo, mutu ukugwedera. Pamenepo n'kuti mchira uli m'phala ukutakasa.

Nguluwe anati vuto la masese n'losavuta, mankhwala ake n'kusawachotsa. Anapera chimera mpaka kusalala, ndipo mowa utapsa sanakunthe, sanayengule, anangovundula ndi mthiko n'kupereka. Chotaya panalibe ngakhale chodzaza chikhadabo. Nyani anavina pabwalo kuti njira yapezeka. Koma mowawo unali wochita kutafuna. Mfumu inamwa zipanda ziwiri, mimba n'kutupa ngati ng'oma, kudzuka kwake mpaka anthu anayi kuigwira.

"Uwu tikaupereka pa dima," inatero ikubuula, "anthu agona m'mizere. Wa mayi Nungu ukukanda, wa mayi Kakowa sukhutitsa, wa mayi Nguluwe ukhutitsa udyo. Ine zandisokoneza. Amayi onse afulule wa dima, aliyense monga adziwira, tikaweruzira komweko."

Gologolo akanapulumuka. Chimene chinamugwiritsa ndi nyimbo. Tsiku lomwelo masana Nyani ankadutsa pakhomo pake, ndipo anamva mawu osasa akuchokera pansi pa nkhokwe, akufunsa masese kuti atsaliranji. Anawerama, nakankha mapesi, n'kupeza Gologolo mutu uli mu mbiya.

Mbiya inanyamulidwa kupita kubwalo, mudzi wonse ukutsatira. Mfumu sinakalipe, inangopukusa mutu.

"A Gologolo, mwanamiza nduna yanga katatu."

"Kanayi, wawa, koma kachinayiko tikasiye."

"Ine mkazi wanu ndinkamukonda, mowa wake ndamwa zaka zambiri. Koma lamulo ndinaika ndine, anzanu onse anakwecha. Mbiya iyi ikwechedwa lero, pano, ine ndikuona."

Gologolo anaona kuti mbiya yapita. Kunalibenso njoka, kunalibe mtsuko wina. Mtima unamuwawa monga unamuwawira tsiku la maliro. Koma mutu wa tambwali sugona ngakhale mwini wake akulira. Anagwada.

"Ndamva, wawa. Ikwechedwe, koma mwamwambo. Mbiya ya mkazi sakwecha mwamuna, amakwecha amayi amene anamulira. Ndipo madzi oyamba otsukira satayidwa pansi pamene anthu amaponda. Mayi aliyense amatungako chikho n'kukathira mu mbiya ya kwake, kuti malemu atsanzike nyumba ndi nyumba."

Nyani anaseka mpaka kugwa chagada.

"Bodza lina ilo! Mwambo umenewo unayamba liti? Amayi, eni mbiya ndinu. Ulipo mwambo wotere?"

Mwambowo kunalibe, unali utabadwira pomwepo m'kamwa mwa Gologolo. Ndipo mwa amayi onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe amene Gologolo sanamudyerepo nsawa. Iye anayang'ana pansi, nadikira kuti amuseke.

Nungu anadzuka pang'onopang'ono.

"Ulipo," anatero.

"Ulipo," anatero Kakowa. "Agogo anga ankatero."

"Amene sakuudziwa ndi oyendayenda," anatero Nguluwe, maso ali pa Nyani.

"Eni ake anena," inatero mfumu. "A Nyani, perekani lichero."

Amayi anathira madzi mu mbiya, navundula, n'kuima pamzere aliyense ndi chikho chake. Palibe anawauza, koma anayamba kuimba kanyimbo ka Nachanza. Nungu ankafunsa, mzere wonse n'kumayankha m'malo mwa masese, ndipo Gologolo anadabwa kuona kuti onsewo ankakadziwa, ngakhale amene ankayesa kuti sanakamvepo. Chikho ndi chikho madzi anatha. Kenako unalowa mchenga ndi chitsononkho.

Podutsa pafupi ndi Gologolo, chikho chili m'manja, Nungu anawerama n'kunong'ona.

"Khuntho langa silidutsitsa kanthu, bambo. Ndinapezamo ubweya wa gologolo."

"Nanga bwanji simunanene, mayi?"

"Ndinene chiyani? Mowa uja ndinaulawa inu musanalawe. Nachanza ndi ine tinavinidwa limodzi. Mukuyesa dzanja lake ndingaliiwale?"

Atamaliza anamubwezera mbiya yake, yoyera mbee. Gologolo analowetsamo mutu pomwepo, anthu onse akuona. Munkanunkha mchenga ndi madzi basi. Analira, kulira kwenikweni, ndipo ena anati tambwali wayambanso masewera ake.

Patapita masiku, mbiya zonse za m'mudzimo zinawira, osatsala ndi imodzi yomwe. Nyani anayenda akuuza aliyense kuti mowa wakoma chifukwa cha kukwecha kuja, amayi n'kumangomuvomera. Za amene wapambana mpikisano palibe anafunsanso. Wofinya anafinya, woyengula anayengula, wovundula anavundula, koma aliyense pansi pa mbiya anayamba kusiyapo chikho chimodzi, ndipo mfumu ikaona masese inkangoyang'ana kumbali.

M'mawa wa tsiku la dima Gologolo anayenda nyumba ndi nyumba kukalawa, monga mwa udindo wake. Kwa Nungu anampeza Nachanza, wowawira pang'ono monga ankakhalira akakwiya. Kwa Kakowa anampeza wopepuka, Nachanza wa pa utsikana. Kwa Nguluwe anampeza wonenepa, wa chaka cha zokolola zambiri. Anayenda mudzi wonse, ndipo panalibe khomo limene anamusowa.

Nungu anamutsatira ndi chikho cha masese atsopano.

"Tengani, bambo, mukathire mu mbiya yanu. Ndi anu omwe."

Gologolo anachiyang'ana chikhocho nthawi yaitali, manja akumuyabwa. Kenako anapukusa mutu.

"Kwa ine ankangogona mu mdima, mayi, ine n'kumamudyetsa phala losapsa. Kufulula sindidziwa, ndipo sindidzadziwa. Kwa inu akuwira. Msiyeni komweko."

Anabwerera kwake anthu ali kumunda. Anaima pakhomo, nasuzumira m'kati, n'kuona mbiya ili pamalo pake, yoyera, yopanda chivundikiro. M'mudzi monsemo, nyumba imene munalibe mkazi wake inali yake yokha. Sanalowe. Anatembenuka, naimika mchira pamsana, n'kubwerera kumene kunkamveka fungo la mowa.

Chiyambire tsiku limenelo gologolo sakhazikika pakhomo pake. Mukamuona akudumpha mtengo uwu ndi uwo, mchira uli m'mwamba, mphuno ikununkhiza, musamugende. Akuyendera mkazi wake.

Yanga yathera pomwepa. Amene watsala ndi ludzu akafulule yake.